Chulu cha pa Bwalo la Amalume Yotamu

Mwezi wozizira uno ukafika, nyumba ya mwana wanga kuno ku Silverest imasanduka bwalo la tenisi. Adzukulu anga amamatirira pa kanema kuyambira masana, kuchemerera mnyamata wina wa ku Mangalande amene sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Chongwe. Mpira wake ukakodwa pa ukonde amagwira mitu ngati kwagwa zovuta. Tsiku lina wamkulu wawo, Tamara, anandikoka dzanja.

"Ambuya, bwerani muoneko, manje Mungelezi afuna kuwina."

Ndinamuyankha kuti kaya awine, kaya aluze, kaya athyoke mwendo, ine sizindikhudza. Anaseka n'kunena kuti nkhalamba sizidziwa masewera. Ndinangomusiya. Masewera amenewo ndinawadziwa ambuye ake aamuna asanandifunsire n'komwe. Ndipo mwezi uno ndi umene anamwalira amalume anga, a Yotamu Phiri, munthu amene anataya mkazi wake chifukwa cha masana amodzi a tenisi. Ndinkawakonda. Papita zaka zambiri chiwaikire m'manda, koma ndikamva mpira uja ukulira po, po, mtima umandipsa ngati anatilakwira dzulo.

Ndiwo anatikokera kuno kuchokera ku Katete nkhondo yaikulu itatha. Asoli, eni nthaka, anatipatsa malo m'mbali mwa dambo kupitirira Chalimbana, ndipo amayi anga, omwe anali mlongo wawo, anamanga moyandikana nawo. Ena tonse tinkalima. Amalume ankagwira ntchito pa kalabu ya azungu a m'mafamu, ndipo ntchito yawo inali imodzi yokha, kusamala bwalo la tenisi. Masiku amenewo bwalo silinali la simenti. Linkapangidwa ndi dothi la pachulu. Ankakumba chulu, kuphwanya zibuma, kusefa dothilo, kuliyala, kulithira madzi, kenako n'kumakokapo chigudumu chachitsulo m'mawa ndi madzulo mpaka liume gwa. Likauma ankalemba mizere ndi njereza. Pabwalopo ankayenda opanda nsapato, ndipo nkhuku ikangodutsapo ankaipirikitsa mpaka kwa mwini wake, n'kukayambana naye komweko.

Munthu wakuda sankaloledwa kumenyapo mpira. Izi amalume sankaziona ngati nkhani, ndipo n'zimene zinkawawa amayi anga kuposa china chilichonse. Amalumewo ankangonyada. Anali ndi laketi yomenyera mpira, yothyoka, imene dona wina anataya, anaimanga ndi waya n'kuipachika pamwamba pa chitseko, ndipo mwana woikhudza ankalawa mkwapulo. Mpikisano waukulu wa pa udzu ukayamba ku Mangalande, azungu ankatsegula wailesi pakhonde la kalabu, amalume n'kumathirira maluwa a pansi pa khondelo mpaka maluwawo kuola mizu. Nyuzipepala zakale zotayidwa ankatola, kudula zithunzi za osewera n'kuzimata pakhoma ndi phala. Mayina achingelezi ankawapota lilime, choncho anawapatsa awoawo. Kadona kena kakang'ono kanali Mpheta. Wina wogwira laketi kumanzere anali Kamanzere. Ndipo pakati pa khoma, pamalo aulemu, panali mzungu wamtali wa mphumi yotakata, amene ankamutchula kuti a Chipumi.

Madzulo akakhala pansi, nkhani inali yomweyo. Ankati osewera a ku Mangalande amene analipo nkhondo isanayambe ndiwo anali amuna, ankasewera atavala thalauza loyera lalitali n'kutuluka m'bwalo lisanade. Atsopanowa ankawanyoza kuti amavala makabudula ngati ana a sukulu, ndipo chaka ndi chaka amalola alendo ochokera ku Amereka ndi ku Australia kuwagonjetsa pa udzu wa kwawo. Ankati munthu wotere sayenera kupatsidwa mkazi. Chimene chinkawakwiyitsa kwambiri chinali lamulo lakuti wosewera akayamba kulandira malipiro asapondenso pa mpikisano uja. A Chipumi anali atathamangitsidwa motero, ndipo amalume ankalalata ngati wathamangitsidwa ndi mphwawo, kunena kuti ntchito yopanda malipiro dzina lake ndi thangata, ngakhale uigwire utavala zoyera. Amayi ankawayankha kuti akulirira mzungu amene sadzawalirira. Amalume ankati mlongo wawoyo maso ake amathera pa maungu a m'munda mwake. Ankatukwanana mpaka mmodzi anyamule mpando wake, m'mawa n'kupatsanso moni ngati sikunachitike kanthu.

Khalidwe limeneli sanalisiye mpaka imvi. Azungu atapita, ufulu utabwera, ankakhalabe ndi kawailesi kawo pakhutu, kutukwana mbadwo watsopano wa Angelezi kuti ndi wofooka kuposa uja ankautukwana kale. Kamanzere, amene kale ankamunena kuti ndi mphwayi, tsopano anasanduka ngwazi. Onse ankawatchula, akale ndi atsopano, kupatula mmodzi. Pakati pa khoma lija panali malo oyera pamene panachotsedwa chithunzi, ndipo dzina la a Chipumi silinatulukenso m'kamwa mwawo.

Mkazi wawo anali a Nabanda, mayi wamfupi wa mawu aakulu, woseka mpaka kumveka kutsidya kwa dambo. Ankawatchula amuna awo kuti bwana wa dothi, amalume n'kumakondwera poganiza kuti ndi ulemu. Mimba yawo yoyamba inatha moipa, mwana anabadwa wakufa kale. Kwathu mwana wotere timati nthayo. Salira maliro, sakhomera bokosi, ndipo amuna sayandikira. Amakaika ndi azimayi okhaokha, m'dzenje losaya lokumba ndi manja ndi kakhasu, chifukwa amati mukamukwirira mozama kapena kumutsindira dothi, mwatsekanso mimba ya mayi wake. Malo ake mwamuna sauzidwa, ngakhale bambo wa mwanayo. Amayi anga ndi azimayi ena achikulire anakamuika m'tsinde mwa chulu chofiira cha m'mphepete mwa dambo, kumbali yotulukira dzuwa. Ine ndinali mtsikana wongotha msinkhu, sindinapite nawo, ndipo ndinadziwa malowo zinthu zitaonongeka kale.

Dzinja linabwera n'kupita, linanso n'kupita, a Nabanda osaimanso. Kuseka kuja kunayamba kuchepa. Ankapita kutchalitchi, ankapitanso kwa amankhwala, ndipo aliyense ankadziwa chimene mayiyo ankapempha.

Ndiye pakati pa zaka za Chitaganya kunamveka kuti mzungu wina wotchuka wa tenisi akuyendera makalabu a dziko lino, kusewera ndi kuphunzitsa molipidwa, ndipo adzafikanso pa kalabu yathu. Bwana wamkulu wa kalabu anaonetsa amalume chithunzi. Anali a Chipumi. Tsiku limenelo amalume anafika kunyumba akuthamanga, munthu wamkulu ndithu, n'kuiwala chipewa kuntchito. Bwanayo anawalamula kuti bwalo lonse liyalidwe dothi latsopano, ndipo anawapatsa ngolo ndi anyamata okumba. Amalume anazungulira zulu zonse za m'dera lathu, kufinya dothi m'manja, kulilawa ndi lilime. Chimene chinawakomera chinali chofiira chija cha kudambo.

Amayi atamva anapita kwa iwo. Ndinalipo, ndinkapeta chimanga pakhomo.

"Achimwene, chulu chija chisiyeni."

"Chifukwa?"

"Chisiyeni chabe. Zulu ni zambiri."

Amalume anaseka. Anati akudziwa, azimayi akudandaula inswa zawo ndi bowa, ndipo adzawapezera chulu china chogwirapo inswa. Amayi anabwereza mawu omwewo, kenako anatembenuka n'kubwerera kwawo. Apa ndi pamene mkwiyo wanga umagawikana. Mawu anali pakamwa pawo. Akanangoti pali mwana wanu pamenepo, ngolo ija sikanapita. Koma mwambo unati mwamuna asauzidwe, ndipo amayi anga, amene ankatha kutukwana mlongo wawo pa nkhani ya azungu a pakhoma mpaka mawu kusasa, pa nkhani iyi yokha anasunga ulemu. Ankaganiza kuti munthu wamkulu akauzidwa kawiri ndi mlongo wake amva yekha. Amalume anali munthu womva wailesi yolankhula Chingelezi kudzera pazenera, koma mlongo wawo ataima pamaso pawo sanamumve.

A Nabanda sabata imeneyo anali ku Palabana kukadwazika mbale wawo. Pobwera anapeza mikwaso ya ngolo ikuchokera kudambo. Anaitsata mpaka pamene panali chulu, n'kupeza dzenje. Okumbawo sanaone kanthu, chiswe sichisiya nsalu kapena fupa la kamwana kotero. Anatsatanso mikwasoyo mpaka ku kalabu, ndipo anapeza dothi litayalidwa kale, litathiridwa madzi, amuna awo akukoka chigudumu uku akuimba.

A Nabanda ndiwo anaswa mwambo. Anawauza amalume pakhomo pathu, amayi ndi ine tikumva, ndipo sanakweze mawu. Anafunsa kuti ngolo yoyamba, ya dothi la kumbali yotulukira dzuwa, anaitsitsa pati. Amalume ankadziwa, chifukwa dothi lililonse la pabwalo lija ankalidziwa kumene linachokera. Linali pangodya ya kufupi ndi mtengo wa mabulosi. Atanena zimenezo anakhala pansi padothi.

A Nabanda sanapemphe zambiri. Anati azimayi apite m'mamawa akakumbe ngodya imeneyo, anyamule dothilo m'malichero akalibweze kudambo, chigudumu chisanapitirize kuwatsindira mimba. Ndinayang'ana amalume. Ndinkayembekeza kuti alira. Koma mlendo anali pafupi kufika, ndipo bwalo la dothi la pachulu likakumbidwa silimauma msanga.

"Akapita mlendo," anatero. "Mukakumba lomba, pazakhala pofewa. Mpira suzanjanja."

"Mufuna ayambe wavinapo mzungu pa mwana wanga?"

"Ni masiku ochepa chabe, a Nabanda."

M'mawa mwake anadzuka n'kupita kukakoka chigudumu. Ndakhala ndi zaka zambiri zoganizira m'mawa umenewo, ndipo sindinapezebe chowakhululukira. Sanali munthu wankhanza. Akanakhala wankhanza bwenzi nditawaiwala kale. Anali munthu amene ankanyamula ana a eni paphewa, amene anandigulira nsapato zanga zoyamba, ndipo anakoka chitsulo chija pamwamba pa mwana wawo m'mawa ndi madzulo mpaka pamalopo panauma ngati mwala.

Tsiku lija magalimoto anadzaza pa kalabu. Amalume anavala yunifomu yochapidwa ndi sitachi, ndipo sabata yonse anali akuloweza moni wachingelezi woti akapereke. A Chipumi anatsika m'galimoto. Mphumi ija inali itafika kunkhongo, mimba itatsogola, ndipo anavala kabudula, yemwe uja amalume ankati ndi wa ana a sukulu. Anadutsa pafupi ndi amalume, n'kuwapatsa jekete kuti agwire, osawayang'ana. Moni uja unathera m'kamwa. Antchito onse anauzidwa kuti aonerere ali kuseri kwa mpanda wa waya.

Masewera atangoyamba, a Nabanda anafika. Anamanga chitenje m'chiuno monga timamangira pamaliro, nakhala pansi kunja kwa waya, pangodya ya mabulosi ija. Amayi anga anakhala pambali pawo, kenako azimayi ena aja, ndipo ine ndinakhala kumbuyo kwawo. Palibe analira, palibe anaimba. Tinangokhala, miyendo titatambasula, kuyang'ana pansi pamene nsapato zoyera zinkaponda. Nthawi iliyonse mzunguyo akathamangira kungodyako n'kukwekwesa phazi, a Nabanda ankatsinzina.

Azungu anayamba kutembenuka. Dona wina ananong'oneza bwana wamkulu, bwanayo anakodola amalume. Sanatume wina, anatuma iwo. Ndinawaona akubwera m'mbali mwa waya, jekete la mlendo lili pamkono, nkhope itachita thukuta ngakhale kunali chisanu. Anaima patsogolo pa mkazi wawo. Panthawi imeneyo akanaponya jeketelo pansi n'kukhala nafe, ntchito ikanatha, koma banja likanatsala. Anawerama pang'ono.

"Chokani apa. Muononga masewera."

A Nabanda anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, anadzuka, anasasa fumbi kuchitenje, n'kumapita. Tonse tinawatsatira. Kumbuyo kwathu azungu ankaomba m'manja. M'mawa mwake mayiyo anamanga katundu wawo pamutu, anayenda mpaka kumsewu waukulu wopita kum'mawa, nakwera lole ya ku Katete. Amayi anawaperekeza. Amalume anali ku kalabu, kusesa bwalo.

Mlendo atapita, amalume anabwera kwa amayi kuti tsopano azimayi akhoza kukakumba. Amayi anawauza kuti zimenezo zimachitika mayi wa mwana alipo, ndipo mwamuna sakhudza dothi lotere. Anawauzanso mawu ena amene sindingawalembe. Kuchokera pamenepo mikangano ya madzulo ija inatha, ndipo ine ndinaisowa, chifukwa chete amene analowa m'malo mwake anali woipa kuposa kutukwanana. Amalume anapita ku Katete kukapepesa, anabwerako okha. Patapita zaka tinamva kuti a Nabanda anakwatiwanso ndipo akubereka. Amayi anawauza amalume dala nkhaniyo pa chakudya. Amalume anasamba m'manja, anatenga chitini chawo, n'kupita kukathirira bwalo. Sanakwatirenso.

Kalabu inatsekedwa azungu atachoka, nyumba yake inagumuka, koma bwalo analisunga popanda wowalipira, thangata lomwe lija ankalinyoza. Aphunzitsi a ku Chalimbana ankabwera pa njinga Loweruka kudzasewera, anthu akuda tsopano, ndipo amalume ankawalola. Koma anafufuta mizere yakale n'kulemba ina, anasunthanso mizati ya ukonde, kuti ngodya ya mabulosi ikhale kunja. Bwalo la dothi la pachulu chiswe chimalibwerera, ndipo moyo wawo wonse m'mawa uliwonse ankaphwanya timilu ta chiswe ndi chidendene. Ta pangodya ija anasiya kuphwanya. Aphunzitsi akadandaula kuti mpira ukusochera pachulu, ankawauza kuti aphunzire kumenya mowongoka.

Ndinawafunsa kamodzi kokha. Anali atadwala kale, ndili mayi wa ana anga, ndikuwapatsa phala. Kawailesi kanali pamtsamiro, ndipo anali atangomaliza kutukwana Mngelezi wina amene anagonja. Ndinawafunsa kuti chinali chiyani kwenikweni chimene ankafuna kwa mzungu uja.

"Ninali kufuna aone chabe kuti ise tiziwa kukonza bwalo."

"Anaona?"

"Sanayang'aneko pansi."

Ndinafuna kuwakhuthulira phalalo. Ndinawapukuta pakamwa n'kupitiriza kuwadyetsa.

N'chifukwa chake adzukulu anga akamakuwa pa kanema ndimatuluka panja. Anyamata ndi atsikana a ku Mangalande a masiku ano sanandilakwire, ndikudziwa. Mwina ndi ana abwino. Koma ndimaona mmene amatambasulira dzanja kulandira thaulo osayang'ana amene wawapatsa, ndipo ndimadzifunsa kuti udzu woyera bwino uja akuumweta ndani, ndipo kunyumba kwake kwatsala ndani.

Sabata yatha ndinamuuza Tamara kuti andiperekeze ku bwalo lija. Tinakwera minibasi mpaka ku Chalimbana, kotsalako tinayenda pang'onopang'ono. Malo onse aja adulidwa mapuloti. Waya anaba kalekale, mtengo wa mabulosi unadulidwa, koma chulu cha pangodya ija chilipo, chatalika kundiposa. Tinapeza anyamata awiri ali ndi mapiki ndi chikombole cha njerwa, atachigumula kale mbali imodzi. Ndinamva mawu a amayi anga akubwera pakamwa panga, akuti chisiyeni chabe, ndipo ndinawameza.

"Pali mwana apa," ndinawauza. "Mwana wa amalume anga. Anaikidwa mu dothi ili, ndipo anamukumbapo kale kamodzi."

Anayang'anana. Mmodzi anafunsa Tamara ngati ambuye ake zili bwino m'mutu. Tamara sanaseke, anawauza kuti amve zimene auzidwa. Ananyamula mapiki awo n'kumapita akung'ung'udza, ndipo ngati anabwereranso ife titachoka, sindikudziwa.

Bwalo lenilenilo likuonekabe kwa munthu amene analidziwa. Ndi malo osalala pakati pa mapesi, pamene udzu umamera mwa apo ndi apo chifukwa pansi n'pouma kwambiri. Mzati umodzi wa ukonde waima, wina unagwa. Chigudumu chinamira theka m'dothi pamene amalume anachisiya tsiku lomaliza, ndipo mbuzi ya wina inamangidwa pa chogwirira chake. Njereza yonse inapita ndi mvula. Pachulu, pamene mapiki anagumula, dothi ndi lofiira ngati tsiku lija linatsitsidwa m'ngolo, ndipo pamene tinkachoka chiswe chinali chitayamba kale kumatapo dothi lonyowa.